Anamangidwa Chifukwa cha Nyanja ya ku Beira

Potiphar Malizani anabadwira kufupi ndi siteshoni ya Lirangwe, ndipo anakula akuona sitima ikudutsa osadziwa kumene njanji imathera. Atakwanitsa zaka makumi awiri anaikwera, n'kukatsikira ku Beira. Kumeneko anakhala zaka zisanu ndi zinayi pa doko, poyamba akunyamula matumba, kenako akuthandiza amisiri okonza mawaya a makina okweza katundu. Sukulu analekezera Sitandade 3, koma mutu wake unkagwira msanga. Mota ikalira molakwika, iye ankadziwa chavuta mmisiri asanamasule n'komwe bawuti.

Chimene sanachizolowere mpaka tsiku lochoka chinali nyanja yamchere. Kawiri pa tsiku madzi ankathawa, kusiya mabwato atagona chammbali pamatope, amayi akutola nkhono pamalo pamene m'mawa panali madzi omiza nyumba. Kenako ankabwerera, osachedwa, osaphonya tsiku. Injiniya wina wa sitima yapamadzi, amene Malizani anamuthandiza kukonza pampu, anamuuza kuti ku Ulaya akumanga khoma pamathiriro a mtsinje kuti madzi olowa ndi otulukawo azizunguza makina a magetsi. Ubwino wake, anatero injiniyayo, ndi wakuti nyanja sidikira mvula, ndipo nthawi yake umaidziwiratu chaka chisanayambe. Koma madzi akadzaza amayamba aima kaye, akaphwa amaimanso, ndipo makina amaima nawo. Mchere umadya chitsulo, khoma limatsekera asodzi njira, matope amaunjikana. Malizani anazisunga zonsezi mumtima monga ena amasungira mavesi.

Anabwerera kwawo mu 1965, n'kukwatira Modesta, mkazi wa m'mudzi wina wa pakati pa Lirangwe ndi Chileka. Anamanga nyumba kuchikamwini. Nthawi imeneyo magetsi ankakokedwa kuchokera ku mathithi a Shire kupita ku Blantyre, ndipo munthu wodziwa mawaya sakanasowa ntchito. Anamulemba m'gulu loimika nsanja zachitsulo. Anali wonyada. Ankauza akumpingo kuti dziko latsopanoli liwala ndi madzi ake omwe.

Mzere wa nsanjazo unadutsa pakati penipeni pa munda wa Modesta. Kapitawo wa gululo analoza mitengo ya mango isanu ndi iwiri imene apongozi a Malizani anabzala, n'kunena kuti igwe Lachisanu lisanafike. Nkhwangwa anapatsidwa Malizani, poti ndiye ankadziwa mundawo.

"Bambo a Getrude, mudula ndinu?" anafunsa Modesta, mwana wawo Getrude ali kumsana.

"Ndikakana adula ena, ntchito n'kundithera."

"Nanga magetsiwo atsikira pano?"

"Awa ndi aakulu, satsikira m'mudzi. Athu abwera pambuyo."

Anadula. Modesta sanalankhule naye sabata yathunthu, ndipo magetsi a pambuyowo sanabwere. Ntchito ya nsanja itatha, Malizani analowa pa chigayo cha magetsi cha a Majidu, mwini sitolo wa pa Chileka. Ankapalasa njinga m'mamawa, n'kubwerera madzulo ali mbuu ndi ufa mpaka m'zikope. Anagwira zaka khumi ndi chimodzi. Amayi ankadutsa zigayo zina kubwera kwa iye, chifukwa ufa wake sunkapsa, ndipo sankabera munthu mzere ngakhale atakhala mkazi wa wapolisi.

Pakhomo pa chigayocho pankakhala a Solomon, tcheyamani wa nthambi ya chipani, ndi tebulo lawo logulitsirapo makhadi a umembala. Mayi wopanda khadi sankalowetsa dengu. Malizani ankaziona, nakhala chete monga wina aliyense. Kamodzi kokha anatulukira kukhomo lakumbuyo n'kugayira nkhalamba ina imene inabwezedwa itayenda kuchokera ku Kuntaja. A Solomon anaona, nazisunga mumtima.

Tsoka linabwera mu Januwale wa 1977, mvula itagwa masiku anayi osalekeza. Magetsi anathima cha m'ma naini. Amayi oposa makumi atatu anakhala pakhonde ndi madengu awo, ana akulira, dzuwa likukwera. Pofika masana mayi wina, a Safia, anatopa.

"Achimwene, mvula yonseyi madzi ndiye adzaza. Magetsi a madzi athima bwanji madzi ali ambiri chonchi?"

Malizani akanangoyankha kuti sakudziwa. Koma linali funso limene anakhala zaka akulakalaka wina atamufunsa. Anakhala pathumba la madeya n'kuyamba kufotokoza. Anati mtsinje ukadzaza umanyamula udzu, zipika ndi mchenga, zimenezo n'kutseka polowera madzi, makina n'kuima mpaka anthu atazichotsa. Anati tikamagwetsa mitengo m'mapiri, dothi lonse limathera komweko.

"Nanga chilala chikadza?" anafunsa a Safia.

"Ndiye zovuta kuposa. Bambo anga ankanena kuti ali mnyamata anawoloka Shire wapansi, madzi osafika m'mawondo. Chinachitika kale chikhoza kuchitikanso."

Kenako anawauza za ku Beira. Anajambula ndi chala pa ufa umene unali pansi, apa khoma, apa nyanja, madzi kulowa, madzi kutuluka. Anati kumene kuli nyanja yamchere angathe kupanga magetsi osadalira mvula, ngakhale nakonso kuli mavuto ake, dzimbiri, matope, ndi asodzi olira. "Ife nyanja yotero tilibe," anamaliza. "Tili ndi mtsinje umodzi basi, tiziusamala."

Amayi anaseka za mabwato ogona pamatope. Magetsi anayaka cha m'ma fili, iye n'kugaya mpaka dengu lomaliza.

Patapita masiku atatu, Landirova inaima pachigayo m'mawa, mota ili mkati kulira. Anthu awiri ovala wamba anamuuza kuti azimitse. Anamutenga ufa uli m'tsitsi, njinga yake itatsamira khoma. Ku ofesi kumene anamufikitsa anamuwerengera kalata ya a Solomon. Inati Malizani wauza gulu la amayi kuti Shire auma ndipo chitukuko cha boma ndi chabodza. Inati watamanda dziko la Mozambiki, kumene kukubisala zigawenga, ndipo wajambula mapu pansi n'kuwafufuta.

"Sanali mapu, bwana. Ndimaonetsa khoma la m'nyanja."

"Khoma la ndani?"

"La azungu, ku Ulaya. Ine sindinalione n'komwe."

"Ndiye ukuphunzitsa anthu zinthu zimene sunazione? Anakutuma ndani?"

Funso limeneli anamufunsa milungu iwiri, ndi mbama, ndi ndodo, ndi chidebe cha madzi. Yankho analibe chifukwa womutuma kunalibe. Kukhoti sanamutengere. Woweruza sanamuone. Mwa amayi makumi atatu aja, amene anamva liwu lililonse ndi makutu awo, palibe amene anaitanidwa, ndipo palibe amene akanalimba mtima kupita yekha. Munthu anayankha funso la mayi wotopa ndi mzere, n'kukhala m'ndende zaka zitatu ndi miyezi inayi.

Modesta anayenda maofesi mpaka mapazi kung'ambika. Kulikonse ankamuuza kuti dzina lotero kulibe. Anansi anasiya kudzapala moto kwake. Getrude, amene ankakhoza bwino m'kalasi, anasiya sukulu chifukwa anzake ankamutcha mwana wa chigawenga ndipo aphunzitsi ankayang'ana kumbali. Modesta analima yekha chimanga ndi nandolo, nasenza nkhuni kukagulitsa ku Lirangwe. A Majidu anatumiza njinga ija ndi munthu wina, osati masana poyera pamsewu, koma kudzera m'minda.

Mu Meyi wa 1980 anam'tsegulira chipata n'kumuuza kuti athokoze chifundo cha boma. Anafika kumudzi wapansi, atatupa miyendo, mano akutsogolo atatha, khutu lakumanzere losamva. Modesta anamupeza ataima pabwalo, akuopa kulowa m'nyumba yake yomwe asanauzidwe.

Miyendo itaphwa anapita kwa a Majidu. Iwo anamulandirira kuseri kwa sitolo, maso ali kumsewu.

"A Malizani, mmisiri ngati inu sindinamupezenso. Koma ndikakulembani, mawa anditsekera."

Anabwerera. Anayamba kukonza mawailesi, matochi ndi nyali za palafini pansi pa mtengo pamsika wa Lirangwe. Ankagwira ntchito mosalankhula. Wailesi ikayamba kumveka ankaizimitsa nthawi yomweyo, kuopa kuti wina anganene kuti amamvera nkhani zakunja.

Chaka cha 1986 a Solomon, amene tsopano anali tcheyamani wa dera lonse, anakokera magetsi m'nyumba yawo yamalata pa Chileka. Wolumikiza mawaya anali mphwawo wosadziwa ntchito, ndipo magetsi ankagwira anthu okhudza khoma mvula ikagwa. A Solomon anabwera okha pamsika, n'kuima pamaso pa Malizani ngati panalibe chimene chinachitika.

"Achimwene, zakale zinapita. Tabwerani mudzandionere mawaya, ana angafe."

Malizani anaika pansi tochi imene ankakonza. Kukana tcheyamani kunali kuitana Landirova ina, ndipo iye ankadziwa. Anaganiza za Getrude, amene anakwatiwa ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi osatha kulemba kalata. Anaganizanso za ana a m'nyumba imeneyo, amene sanalembe kalata iliyonse.

"Kazimitseni swichi yaikulu lero lomwe," anatero. "Musayatse mpaka mutapeza mmisiri wa ku Blantyre. Mphwanuyo sanakwirire waya wopita pansi."

"Si inu mmisiri?"

"Ine m'nyumba mwanu sindilowa, a Tcheyamani."

A Solomon anaima kanthawi, nayang'ana anthu, anthu nayang'ana tomato wawo. Anachoka osatsanzika. Malizani anadikira Landirova mwezi wathunthu, atamanga bulangete ndi sopo m'kathumba pafupi ndi chitseko. Sinabwere. Malizani anamwalira mu 1989 ndi chifuwa chimene anachitenga kundende, ndipo palibe wa boma kapena wa chipani amene anauzapo Modesta mlandu umene mwamuna wake anapalamula.