Msuku Wobisala M'bulugamu

Chaka cha 2008, kuzizira kutangoyamba, tinkakhala kudziko la eni, ku Thokoza, m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachisutu. Ine ndinkaluka anthu tsitsi pakhonde, amuna anga ankawotcherera zitsulo ku Boksburg, ndipo mwana wathu wamkazi, wazaka zisanu ndi zinayi, anali pasukulu. Iye Chizulu ankachilankhula ngati anachiyamwira m'bere. Changa chinali chopunduka, moti ndikangotsegula pakamwa aliyense ankadziwa kuti ndine wobwera.

Anthu atayamba kusaka alendo, amuna anga anaimba foni kuti azigona kuntchito chifukwa msewu sunkayendeka. Mayi eninyumba aja sanachulutse zonena. Anatilowetsa m'galaja mwawo, pakati pa matayala akutha ndi firiji yakufa, n'kukhoma loko kunja. Kuwala kunkalowera pansi pa chitseko basi. Tinkamva malikhweru, nyimbo za chigulu cha amuna, ndipo fungo la mapulasitiki opsa silinkachoka m'mphuno.

Ndinkaopa. Koma chondisowetsa mtendere kwambiri anali mwanayu. Anatengera azakhali ake, pakamwa ngati wailesi, ndipo mwana wotere sungangomuuza kuti khala chete tsiku lonse. M'chikwama chake cha kusukulu ndinapezamo dayisi ya ludo, ndiye ndinapeka masewera oti tizinong'onezana.

Kwathu, paphiri la kuseri kwa mudzi, panali nkhalango imene ndinaiona ikutha ndi ootcha makala ndili mtsikana. Akuluakulu ankati m'mitengo ikuluikulu mumakhala mizimu. Nditafunsa kuti nanga mtengo ukagwa mzimuwo umakagona kuti, anandiyankha ndi khofi. Funso lomwelo ndi limene ndinamupatsa mwana wanga.

"Iwe ndiwe mzimu wa msuku," ndinatero. "Nkhalango yako yapsa yonse, ndipo ootcha makala akukusaka. Ukabisala kuti?"

Iye ankasankha malo n'kuponya dayisi pabulangeti kuti isalire. Ikagwa nambala yaikulu wapulumuka, ikagwa yaing'ono nkhwangwa yamupeza. Zimene wakumana nazo ndinkafotokoza ndine. Analowa mupolo yamagetsi, n'kupezamo mzimu wokalamba umene unagontha ndi kulira kwa mawaya. Analowa mubenchi ya kutchalitchi, koma anthu onenepa anamukhalira mpaka anathawa. Thabwa la bokosi la maliro analikana yekha. Kenako anati akabisala mumpini wa nkhwangwa yomweyo, chifukwa wodula sayang'ana chimene wagwira m'manja. Ndinamuyang'ana modabwa.

Tsiku lotsatira ndinamufikitsa kumunda wa bulugamu, mitengo ya eni ake, yodzalidwa m'mizere, imene ootcha makala saikhudza. Ndinamuuza kuti wofuna kukhala mmenemo aime ngati bulugamu. Msuku ndi waufupi, nthambi zake ngakhale mwana amazifikira, koma bulugamu saweramira munthu.

Apa sindinkaseweranso, ngakhale iye sanadziwe. Mwanayu ndinamulera mwakwathu. Wamkulu akamuitana ankagwada, maso pansi, ndipo chinthu ankalandira ndi manja awiri. Akandipatsa madzi ali chiimire ndinkamutsina khutu. Anzake a pamsewu ankamuseka nazo, ine n'kumanyada kuti wanga ali ndi mwambo. Tsopano ndinaona kuti mawondo amenewo ndi amene adzatigulitse, pakuti lilime lake linalibe vuto. Choncho ndinkakhala wootcha makala, n'kumuitana ndi mawu aukali. Akangopinda bondo ndinkati, "Gwaa! Wadulidwa." Ankaseka atadzitseka pakamwa ndi bulangeti, n'kuyambiranso.

Masana ena kunja kutakhala bata, mayi aja anatitsegulira kuti tipite kuchimbudzi, iwo n'kuthamangira kukagula buledi. Ine ndinabwerera msanga m'galaja. Mwana anatsalira pampopi akusamba m'manja, ndipo m'pamene geti linalira.

Ndinasuzumira pampata wa chitseko. Anali amuna angapo, ena ndi zibonga, wina ndi chikwanje, wina atanyamula kale wailesi ya munthu paphewa. Wotsogolera anali waimvi, msinkhu wa bambo anga, munthu woti mwana aliyense wakwathu angamugwadire osaganiza. Anamukodola mwana wanga ndi chala.

Sindinapemphere n'komwe. Ndinkangoyang'ana mawondo ake, timawondo totuwa ndi mphepo. Ndikanatuluka ndikanamuphetsa, choncho ndinaluma nsalu yanga n'kukhala pomwepo.

Mwanayo anapita mwaulesi, akukwekweza masilipasi. Anaima njo, dzanja m'chiuno, n'kumuyang'ana bamboyo m'maso. Bamboyo anafunsa m'Chizulu kuti makwerekwere, dzina lotinyozera alendofe, okhala kuseri ali kuti.

"Abekho. Bahambile," anatero mwana wanga, kutanthauza kuti kulibe, anapita. Kenako anaonjeza zimene sindinamuphunzitse. Anati agogo ake, kunena mayi eninyumba aja, anawathamangitsa chifukwa ankanunkhitsa pabwalo, ndipo analavulira malovu chakukachipinda kathu.

Amuna aja anaseka. Anathyola chitseko cha kachipindako, n'kutenga TV ndi mabulangeti, ndipo wina popita anamusisita mwana wanga pamutu. Iye anadikira mpaka phokoso litafika patali, ndiye analowa m'galaja. Siketi yake inali itanyowa ndi mkodzo.

"Ndaponya sikisi, amayi," ananong'ona.

Zinthu zinadzazizira, amuna anga anabwerera, ndipo tinasamukira ku Vosloorus kumene sitinkadziwika. Ndinkayesa kuti masewera aja anatsala m'galaja. Koma mwana sanagwadenso, ndipo ine mphamvu yomutsina khutu ndinalibe. Chichewa anayamba kuchisiya pakhomo ngati nsapato zamatope, kenako ndi m'nyumba momwe ankatiyankha m'Chizulu. Bambo ake akakalipa ndinkawaletsa, chifukwa chaka ndi chaka mphekesera zinkabweranso zoti alendo achoke, ndipo mantha anga sanathe.

Lero ndi mayi wamkulu, amagwira ntchito m'sitolo ya mankhwala, ndipo amandisamala, sindingamunamizire. Kukayamba kununkha chipwirikiti amaimba foni kuti ndisatuluke. Ndikakhala ndi ulendo wa kuchipatala amabwera kudzanditenga, ndipo tisanafike pokwerera amandikumbutsa kuti ndisalankhule, zonse ayankha yekha. M'minibasi amandikhazika pawindo, iye n'kukhala mpando wina.

Ulendo wathawu mayi wina amene anakhala naye pafupi anandiloza ndi mlomo, n'kumufunsa ngati tili limodzi. Mwana wanga sanacheuke n'komwe. Anayankha m'Chizulu chake chosalala kuti ndine mayi wina wodwala wa mumsewu mwawo, akungondithandiza. Ndinayang'ana panja mpaka tinatsika, ndipo chimene chinandiwawa n'chakuti mumtima ndinamuthokoza.