Mapewa a Asodzi pa Maliro a Achimwene

Ndinadzuka kusanache, mwera ukuwomba ngati wachita kutumidwa. Pasiwa pathu ku Malindi panali anthu ochepa zochititsa manyazi. Amayi a mpingo amene anachezera kuyimba anali atasasa mawu, ndipo amuna apabanja sitinkakwana ngakhale kunyamula bokosi.

Achimwene anga, a Barnaba, anali loya. Moyo wawo wonse ankamenyera antchito penshoni, chipukutamisozi akavulala, ndi magawo m'makampani amene ankakhetseramo thukuta. Ndiwo anachititsa kuti asodzi a kampani ina ya panyanja pano akhalenso eni ake a kampaniyo. Akuluakulu ena a chipani, amene ankawalakalaka magawowo, sanakondwe. Achimwene anakagona kundende osazengedwa mlandu, nabwerako ndi chifuwa chimene chinawatengachi. Masiku amenewo maliro a munthu wotere unkalirira m'nyumba mwako, chitseko chili chotseka.

Ndiye ndinali nditapangana ndi lole yonyamula nkhuni kuti idzatenge bokosi. Amayi athu, amene miyendo inali itawakana kale, atamva anangoti, "Mwana wanga apite ngati thumba la chimanga?"

Kutacha, pansi pa mlambe panaima galimoto ya amuna awiri amene sanapereke moni kwa aliyense. Tonse tinadziwa kuti achipani awatuma kudzaona obwera pamaliropo. Maloya anzawo a ku Blantyre, odya nawo bwino aja, anatumiza chipepeso cha pakamwa. Ophika anasonkha moto pamafuwa amodzi, nati ukwanira.

Dzuwa litakwera tinaona boti likulimbana ndi mafunde, kenaka lina, kenakanso ena. Anali asodzi aja, ochokera ku Makanjira ndi ku Nkhudzi, ambiri Asilamu, atanyowa mpaka zikofia zomwe. Anadutsa pa mlambe paja osafulumira, ena mpaka kuwerama kupereka moni pawindo la galimoto. Akazi awo anabwera ndi utaka ndi nkhuni pamutu, ndipo posakhalitsa utsi unali mbali zonse za bwalo.

Nthawi ya Misa iwo anadikira panja, mphepo ikuwamenya. Titatulutsa bokosi, lole ija inayamba kubwerera chafutambuyo kuti tilikwezemo. Msodzi wina wachikulire, wa mkono umodzi, anagwira bokosilo.

"Pepani achimwene, lole ipite," anatero. "Che Barnaba atiimira zaka zonsezi. Kwathu munthu timaperekeza ndi mapewa."

Anawanyamula monga amanyamulira jeneza, chithatha cha maliro awo. Anaima mizere iwiri, bokosi nkumayenda phewa ndi phewa, aliyense akasenza pang'ono nkuthamangira kutsogolo kukadikiranso. Liwiro lake silinali la Chianglikani. Ansembe anatsalira m'mbuyo akupuma wefuwefu, mkanjo uli m'manja, ndipo akwaya anaithamangitsa nyimbo mpaka inasanduka ina. Ndinalira poyera, osati ndi chisoni chokha. Ndinawathokoza anthu aja mumtima, ndipo ndimawathokozabe.

Madzulo maboti atapita, m'nyumba munangoti zii. Ndinawapeza amayi atakhala pamphasa pamene ndinawasiya, popeza kumanda sanathe kufika.

"Unawasenzako achimwene ako?" anandifunsa.

"Ndinayesa, amayi. Sindinapeze malo."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nati ndiwapatse madzi akumwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chichitikire malirowo anapempha chakudya.