Tsiku limene ndinabwereketsa miyendo yanga

Ine mpeni sindinkauopa. Mpeni ndakhala nawo m'manja moyo wanga wonse, kutumbula chambo ndi kampango, ndipo ndimadziwa kuti pamene mpeni watsegula, singano imatseka. Chimene chinkandisowetsa mtendere ndi jakisoni wa pamsana.

Matenda anga anali achizimayi. Chiberekero chinali chitatsika, chifukwa cha kubereka kambiri ndi kusenza mabeseni a usipa kuchokera kudooko kupita kuthandala kumene timayanika nsomba. Ndinapirira nazo zaka osauza munthu, mpaka ndinayamba kuyenda motangadza ngati bakha. Mwana wanga wamkazi, mzime, ndi amene anandigwira. Anati, "Amayi, kayendedwe aka si kanu," n'kundikweza minibasi mpaka kuchipatala ku boma. Adokotala atandiyeza anati pakufunika opaleshoni, natipatsa tsiku lobwera. Kenako anawonjezera ngati akunena za mvula ya chaka chatha: "Sitidzakugonetsani tulo, agogo. Tidzakubayani jakisoni pamsana, ndiye kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi mudzachita dzanzi."

Ndinangoti zikomo. Ungatinso chiyani?

Mawa lake kuthandala ndinauza mnzanga amene takhala tikuyanika naye nsomba kuyambira tili ndi ana kumsana. Iye ndi Msilamu, ine wa mpingo, koma ntchentche timaingitsa zomwezo. Atamva anasiya kutembenuza usipa, manja m'chiuno.

"Pamsana, achemwali? Wallahi, ine sindingalole. Mkazi wa msuweni wanga uko ku Khombedza anamubaya woyamba, sunagwire. Atabwereza wachiwiri, basi. Mpaka lero amakwawa."

"Munamuona inu akukwawa?"

"Kumuona ayi, koma ndani sakudziwa? Kamodzi, mwina Mulungu amakuchitira chifundo. Koma akakubwerezani kawiri, miyendo mwatsanzikana nayo."

Mawu amenewo anandilowa ngati munga wa nsomba pakhosi, osatsika, osatuluka. Inu mukudziwa, kunyanja kuno nsomba zimagulidwa ndi miyendo. Boti likangotulukira, amene wafika msanga m'madzi ndi beseni lake ndi amene amadya. Koma si za malonda zokha. Ndinkadziona ndili pamkeka pakhonde, kudikira kuti mwana wanga abwere kuchokera kumsika adzandinyamule kupita kuchimbudzi. Ine amene ndinamubereka! Ndinayamba kuiyang'ana miyendo yangayi ngati alendo amene atsala pang'ono kunyamuka. Yoonda, ya ming'alu kuzidendene, bondo limodzi lolira ndikamadzuka, koma inali isanandikanepo ulendo. Masiku amenewo ndinkayenda ngakhale kopanda chifukwa. Ndinkapita kukatunga madzi mitsuko ili yodzaza. Madzulo ndikasamba ndinkaidzola mafuta, chinthu chimene ndinasiya ndili mtsikana.

Amayi a mpingo anabwera kudzapemphera nane. Anaimba bwino, ndipo mtima unatsikako pang'ono, koma atangotuluka pachipata, mawu aja anabwerera pamalo pake: kawiri, miyendo mwatsanzikana nayo.

Tsiku litakwana anandigoneka m'wodi, mwana wanga ali gadiyani wondisamalira. Mwamuna wake anali ku chilumba cha Mbenji ndi anzake a maukonde, ndiye ana anawasiya kwa apongozi ake. M'mawa mwake sanandilole kudya ngakhale kumeza madzi. Anandilasa dilipi padzanja, n'kundiveka chimalaya chobiriwira chotsegula kumbuyo konse, choti munthu ukayenda uzigwira ndi dzanja. Nesi wina anati ndivule chilichonse cha m'thupi. Nditamasula mikanda ya m'chiuno, mwana wanga anatong'ola maso.

"Amayi! Mukadavalabe izi? Abambo anatisiya kalekale."

"Iwe, chiuno n'changa. Sunga bwino, usaone ngati ndakupatsa."

Wodi yonse inaseka, ngakhale mayi wina amene anali ndi mabala osokedwa dzulo lake, akuseka atagwira pamimba. Ine ndinasekanso.

Kuthiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, kumazizira ngati m'bokosi la ayezi la ogula chambo. Kunja dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ine m'menemo mano akugundana. Munali mnyamata wamtali wovala kachipewa ndi kansalu kotseka pakamwa, maso okha kuoneka. Anati iye ndiye wobaya jakisoni uja, ndipo ntchito yake ndi kukhala kumutu kwanga mpaka zonse zithe.

"Agogo, miyendo yanuyi tingoibwereka. Pofika madzulo tikubwezerani."

Mumtima ndinati obwereka onse amatero.

Anandikhazika m'mphepete mwa tebulo, mapazi pa kampando. Kutsogolo kwanga kunaima nesi wonenepa bwino, wa mawu a kwathu konkuno kunyanja. Anandipatsa pilo kuti ndikumbatire, nati, "Weramani ngati mukusankha usipa pamphasa. Chibwano pachifuwa. Tulutsani msana. Eya, choncho. Tsopano musagwedezeke." Anaika manja ake pamapewa anga, mphumi yanga inatsamira pachifuwa chake. Ankanunkhira sopo.

Kumbuyo ndinamva chinthu chozizira chikupakidwa msana wonse, thupi lonse tsemwe. Kenako zala za mnyamata uja zikuyenda pamafupa, kukanikiza apa, kukanikiza apo, ngati munthu wosankha papaya. Choipa cha jakisoni ameneyu n'chakuti sumuona. Wa pamkono umamuyang'ana akubwera, umadziwa pofumbata mano. Uyu amabwera ngati wakuba.

Nesi uja anamva kuti ndikunjenjemera. Anati, "Agogo, ine usipa wofutsa umandikanika. Ndikauwiritsa umaphwanyika. Ndimalakwitsa pati?"

Taonani funso lake, pa nthawi ngati imeneyo! Koma pakamwa panga panayankha pokha. Ndinati madzi ayambe abwata usanathire nsomba, ndipo usazisiye m'menemo ngati ukuphika nyemba, ungoviika n'kuvuula. Anati nanga mchere? Ndikufotokoza za mchere, ndinamva kuluma kumsana ngati mavu, kuwotcha pang'ono, n'kutha. Mnyamata anati kameneko n'kongoziziritsa khungu. "Pumani, agogo. Nanga poyanika?" anatero nesi. Ndikunena zoyanika mopyapyala, ndinamva kukankha, ngati munthu akukudina ndi chala chachikulu pafupa, kukanikiza ndithu koma kosapweteka. Kanthu kanathamanga m'mwendo wakumanzere ngati mmene zimachitira ukagunda chigongono pachitseko. Ndinati mayo! Mnyamata anati, "Pepani, zimatero. Tatha."

"Mwatha?"

"Tatha. Gonani chagada."

Ndinatsala pang'ono kukwiya. Masabata onse aja osadya bwino, chifukwa cha kanthu kameneka?

Posakhalitsa kufunda kunayamba kumatako ndi kumapazi, kukwera pang'onopang'ono, ngati ukulowa m'madzi osaya amene akhala padzuwa tsiku lonse. Miyendo inayamba kulemera ngati ukonde wonyowa. Apa mantha anabweranso, chifukwa ndinadziwa kuti alendo anga aja anyamuka.

Tsopano mverani pamene panali nkhani. Asanayambe kucheka, amayamba ayesa ngati mankhwala agwira. Mnyamata uja anatenga kachitsulo kopanira, nati, "Ndikutsinani. Mukamva kuwawa munene." Anatsina pantchafu. Zii. Anatsina pamwamba pake. Zii. Kenako anatsina pamimba, m'munsi mwa mchombo. Amayi inu! Ndinamva bwinobwino, ngati nkhanu yandipana.

"Mwamva kuwawa, agogo?"

"Ayi."

Musandifunse msanga kuti bwanji. Ife a msinkhu wathu tinakula ndi malamulo ake. Kuchinamwali anamkungwi ankatitsina dala m'ntchafu, ndipo wolira ankachititsa manyazi amayi ake. Pobereka, azamba ankati mkazi salira, ukalira mwana adzakhala wamantha. Ana anga onse ndinabereka nditaluma chitenje, ndipo wina akafunsa kuti zikuwawa, yankho linali limodzi: ayi. Komanso mlendo sauza mwini nyumba kuti ndiwo zachepa mchere. Mwana wa eni wavutika, wapaka, wabaya, ine ndimuuze pamaso pa anzake kuti mankhwala ake sanagwire? Koma pansi pa zonsezo panali mnzanga wa kuthandala uja. Ndinkadziwa kuti ndikangoti ndamva, andidzutsa, andiweramitsanso, andibaya kachiwiri. Ndinasankha kuti andicheke ndikumva, bola miyendo ibwere.

Anatsinanso pomwepo, mwamphamvu. Ndinayang'ana kudenga, nkhope phee.

"Apa?"

"Ayi, mwanawanga."

Nesi uja ndiye anati, "Dikirani kaye." Anali atandigwira dzanja lopanda dilipi, ndipo ine osadziwa ndinali nditamufinya zala ngati ndikufinya chinangwa chonyika. Anakweza dzanja lakelo kuonetsa mnyamata uja. "Pakamwa akuti ayi, koma taonani zala zanga. Agogo awa ndi a kwathu, ndimawadziwa. Angafe osanena."

Mnyamata anabwera kumutu kwanga, nawerama mpaka maso ake anayandikira anga. Sanakalipe.

"Agogo, kuno si kuchinamwali. Kuno wopirira ndi amene amativutitsa. Mwamva kapena simunamve?"

Misozi inatsikira m'makutu. Ndinati, "Ndamva. Koma chonde musandibaye kawiri. Ndili ndi ntchito ndi miyendoyi."

"Ndani wanena zobaya kawiri?"

"Amanena kwathu."

Ndinaona maso ake akuseka pamwamba pa kansalu kaja. Anati mankhwala amayenda ngati madzi mu ngalande, amafika kumapazi msanga koma kumtunda amachedwa, ndipo anthu ena amachedwerapo kuposa anzawo. Anati ngakhale zikanafunika kubwereza, miyendo siifa ndi zimenezo, ndipo pali njira zinanso zoti munthu asamve ululu, koma palibe njira imene angaisankhe ngati ine ndikumubisira. Anapendeketsa tebulo pang'ono kuti mutu utsike, nauza adokotala ocheka aja kuti adikire. Iwo anangopinda manja n'kuyamba kufunsa nesi za mtengo wa matemba. Ine ndinagona pamenepo ndikumva kufunda kuja kukukwera, kudutsa mchombo, mpaka pansi pa mabere.

Patapita kanthawi ndinati, "Tsinanitu tione."

"Tatsina kale, agogo. Katatu konse, ndipo mwankhanza."

Sindinamve kanthu. Mpweya umene ndinatulutsa pamenepo unali wa mwezi wathunthu.

Anatchinga nsalu pachifuwa panga kuti ndisaone. Za opaleshoniyo ndilibe zambiri zonena. Ululu panalibe, koma ndinkamva kukoka ndi kugwedeza, ngati anthu akufunafuna chinthu m'thumba limene wakhalira. Nthawi ina mseru unandigwira, ndipo ulendo uno ndinanena msanga. Mnyamata anathira kanthu mu dilipi, mseru unatha. Nditanjenjemera ndinanenanso, anandifunditsa bulangete. Ndinayamba kuzolowera, mwina kupitirira muyeso, chifukwa ndinamuuzanso kuti mphuno ikuyabwa, ndipo anandikanda. Pamwamba pa nsalu paja ndinaona mapazi awiri atakwezedwa m'mwamba, okalamba, a zikhadabo zokhota. Ndinadzifunsa kuti kodi m'chipinda muno muli gogo winanso? Kuyang'anitsitsa, chipsera cha mbedza pachala chachikulu n'changa.

Atandibwezera kuwodi anati ndigone chagada, ndisadzutse mutu. Mwana wanga anali pambali, maso ofiira. Ululu panalibe, njala inalipo, koma maganizo anga onse anali kumapazi. Ndinauza chala chachikulu kuti gwedezeka. Chinangondiyang'ana. Ndinagwira ntchafu ndi dzanja, inali ngati ndagwira nyama ya pamsika, yofunda koma ya wina. Masana anadutsa choncho. Mwana wanga ankati akukonza nsalu, koma ndinkamuona akutsina chidendene changa mobisa n'kundiyang'ana kumaso. Ine osamva. Aliyense kubisira mnzake mantha.

Dzuwa litapendeka, anthu atayamba kulowa ndi mabasiketi a chakudya, ndinamva ngati nyerere zikuyenda pansi pa phazi lakumanja. Ndinati mwina ndi maganizo. Nyerere zija zinachuluka, zinakwera m'katumba. Ndinalamulanso chala chija, ndipo chinagwedezeka, pang'ono chabe, ngati munthu waulesi amene wadzutsidwa kutulo.

"Iwe, taona!"

Mwana wanga anakuwa mpaka nesi anathamanga kuganiza kuti kwagwa zina. Atamva anati, "Aa, zomwezi? Nanga mumati ipita kuti?" Kenako mwendo wakumanzere unatsatira. Pamodzi ndi miyendo kunabweranso ululu wa bala, ndipo umenewo unali ululu ndithu. Ndinaitana nesi ndekha, mokweza, n'kupempha mankhwala.

Anandilola kuimirira mawa lake, atandichotsa kapaipi ka mkodzo. Poyamba pansi panali ngati pa bwato, ndinagwira bedi. Kenako ndinayenda, mwana wanga atandigwira mkono, kudutsa mabedi onse, mpaka pakhomo lotulukira kumene magadiyani amachapira. Ndinamuuza kuti andisiye. Masilipasi ndinali nditawaiwala pansi pa bedi, ndipo simenti ya panja inali itapsa ndi dzuwa la masana. Nditapondapo inandiwotcha mapazi onse awiri, kuyambira kuzala mpaka kuzidendene.

"Amayi, mupsa! Bwererani pamthunzi, ndikatenge masilipasi."

"Pita ukatenge," ndinatero. "Usathamange."

Ndinaima pomwepo, ndikusinthanitsa mapazi ngati nkhuku, mpaka anabwera.