Toyera pa Mpanda wa a Chotsani

Dzina lawo lenileni lili m'kaundula wa ogwira ntchito, koma pachipatala chaching'onocho palibe amene amalitchula. Onse amangoti a Chotsani, chifukwa ndiwo mawu amene amatuluka m'kamwa mwawo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. "Chotsani! Mayi inu, chotsani nsaluyo!" Ntchito yawo ndi yosamalira pabwalo: kusesa, kutchetcha, kuthirira, kudulira. Ndi bambo wamtali, woonda ngati mpini wa tsache lawo lomwe, wa ovolosi yobiriwira yothera m'maondo. Kukhala pansi sakudziwa. Ngakhale tiyi amamwa ali chiimire, kapu kukamwa, maso kumpanda.

Mpanda wa maluwawo anaudzala okha zaka khumi ndi zinayi zapitazo, chaka chomwe analembedwa ntchito. Timitengo take anathyola panyumba ina pomwe ankagwira ntchito kale, ndipo kumeneko mpanda wa mtundu womwewo unkachita maluwa mpaka odutsa m'njira kumaima. Kuchipatalaku unagwira bwino, n'kutambalala kuchokera pageti mpaka pansi pa mazenera a wodi ya amayi, msinkhu wake kufika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. Koma maluwa ndiye ayi. Mphukira zikangoti zatuluka, amayi odwazika matenda amatulukira ndi mabeseni awo n'kuyanikapo nsalu zodontha madzi, matewera, mabulangete olemera ngati thumba la simenti. Mphukira zimathothoka, sopo n'kuwaula masamba. Chomwe a Chotsani ankafuna pa moyo wawo chinali chimodzi basi: kudzauona mpandawo utachita maluwa wonse, kuyambira pageti mpaka kuwodi, ngakhale kamodzi kokha.

Anayesa zambiri. Anakhoma chikwangwani choletsa, mawa lake anapeza pachikwangwanipo payanikidwa kabudula wa mwana. Anakulungapo waya waminga, anamwino aakulu anawauza kuti auchotse dzuwa lisanafike pamutu. Anapempha khoma lotchinga mpandawo kumbali ya wodi, anawayankha kuti zidzaoneka. Zaka zinapita zisakuoneka.

Ndiye chaka chino kunabwera muphwa wawo, mwana wa mlongo wawo, mtsikana amene anakulira pakhomo pawo pomwe ndipo ankagonabe kuchipinda chakumapeto. Iyeyu ankaphunzira kukoleji zojambula mapulani a nyumba ndi mabwalo ake. Kalasi yawo inapatsidwa ntchito yakuti aliyense ajambule malo atsopano okhalapo anthu odwazika matenda pachipatala chomwecho, ndipo achipatala analonjeza kuti pulani imodzi adzaisankha n'kuimanga. A Chotsani atamva zimenezi anaponya tsache pansi.

"Mulungu sagona! Iwe Injiniya, tabwera kuno," anamukoka dzanja mpaka kumpanda. "Khoma. Kuchokera apa kufika apo. Ndi kageti kotseka, kiyi ndizisunga ine."

"Sindine injiniya, amalume."

"Kaya ndiwe ndani, bola pensulo uli nayo. Wamva zomwe ndanena?"

"Ndamva, amalume."

Masabata awiri mtsikanayo ankafika m'mawa ndi tepi yoyezera ndi kope. Anayeza khonde, anayeza mpopi, anayeza ngakhale mthunzi wa mtengo wa pakati pa bwalo katatu pa tsiku. Izi a Chotsani zinawasangalatsa, ndipo ankamugwirira tepi monyada. Chomwe chinkawasowetsa mtendere chinali chakuti akamaliza kuyeza ankakakhala pansi pakati pa amayi aja, kuwathandiza kufinya mabulangete, kuseka nawo, n'kumalemba. A Chotsani ankazungulira ndi wilibala yopanda kanthu, kupita, kubwerera, kupitanso, khutu lili komweko.

"Ukucheza ndi adani anga tsopano?"

"Ndi ntchito, amalume. Aphunzitsi anati tizifunsa anthu."

"Ine si munthu?"

"Inu ndinakufunsani koyamba."

Loweruka lina masana, mtsikanayo atapita kukagula guluu, a Chotsani analephera kuugwira mtima. Analowa kuchipinda chakumapeto chija, n'kuvundukula nyuzi imene inaphimba tebulo. Pansi pake panali chipatala chonse, chaching'ono chokwana pathireyi. Wodi inali ya katoni, mazenera ake odulidwa ndi lezala. Mtengo unali wa waya wopota. Panali kashedi katsopano kotseguka mbali zonse, mabenchi a timitengo ta machesi atazungulira mthunzi, mpopi utasunthidwa kufika pafupi, ndi kangalande kotenga madzi otayika kupita nawo kumitengo. Khoma panalibe. Koma asanakwiye maso awo anagwera pampanda. Unali wa siponji yopakidwa utoto wobiriwira, wopitirira pomwe weniweniwo umathera, wokhota mpaka kukafika kushedi. Ndipo pamwamba pake ponse, kuyambira pageti mpaka kuwodi, panali tizidutswa toyera, tina tofiirira, tina tachikasu, tomatidwa mosamala kamodzikamodzi.

Anawerenga ndi chala. Makumi anayi ndi titatu.

"Amayi a ana! Tathamangani mudzaone!"

Akazi awo anabwera akupukuta manja, n'kuwerama, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wauchititsa maluwa mpanda wanga," anatero a Chotsani. "Khoma walisiya, koma wapeza nzeru ina. Sukulu ndi yabwino, amayi a ana."

"Maluwa a makona anayi munawaona kuti, abambo?"

"Ndi luso lakukoleji limenelo. Inu simungalimvetse."

"Chabwino. Bwezeranipo nyuziyo asanakupezeni."

Kumufunsa mwini wake sanamufunse, poopa kuti adziwa zoti anasuzumira. Koma kusunga nkhani m'mimba analephera. Lolemba anauza mlonda wa pageti. Anauza wokolopa m'wodi, anauza woyendetsa ambulansi, anauza ngakhale bambo wina amene anangobwera kudzachotsa dzino. Amayi oyanika sanawakalipire kwambiri sabata imeneyo. Ankangowadutsa akumwetulira, n'kumati chapansipansi, "Yanikani, yanikani, masiku anu atha."

Lachisanu m'mawa ophunzira asanu anayala ntchito zawo pamatebulo pakhonde la chipatala. Panali aphunzitsi awo, bambo wa magalasi wolankhula pang'onopang'ono, panali anamwino aakulu, ndi gulu la odwazika matenda litaunjikana kumbuyo. A Chotsani anavala jekete pamwamba pa ovolosi n'kuima kutsogolo kwenikweni. Pulani za enawo sanazimve n'komwe. Ankangosintha mwendo woimira, kukanda m'khosi, kuyang'ana wotchi yapakhoma. Muphwa wawo anali womaliza. Anafotokoza za shedi, za mabenchi, za mthunzi umene umayenda ndi dzuwa, za madzi a pampopi. Kenako aphunzitsi analoza ndi cholembera pasiponji paja.

"Nanga toyerati n'chiyani?"

"Maluwa, bwana!" a Chotsani anayankha mtsikanayo asanatsegule pakamwa. "Mpandawo ndi wanga, ndinadzala ndine. Mwanayu ndi muphwa wanga."

Mtsikanayo anayang'ana amalume ake, n'kuyang'ana pansi.

"Ndi zochapa, aphunzitsi," anatero motsitsa. "Nsalu, matewera ndi mabulangete."

Woyamba kuphulika anali mlonda wa pageti, amene anaseka mpaka kugwira chipilala. Amayi akumbuyo aja anatsatira, ena akuombana m'manja. "A Chotsani, maluwa anu aphuka!" wina anakuwa. "Mawa ndibweretsa duwa lalikulu la bulangete!" Anamwino aakulu anayesa kuwaletsa koma nawonso milomo inkawanjenjemera.

Mtsikanayo anapitiriza osaima. Anati chingwe choyanikira chilipo, koma chili kuseri kwa zimbudzi, kopanda dzuwa, ndipo nsalu zimabedwa chifukwa palibe amene amakuona. Anati mpanda uli pansi pa mazenera a wodi, choncho mayi atha kukhala pambali pa bedi la wodwala wake, diso lina kwa wodwala, lina pansalu yake. Ambiri ali ndi nsalu ziwiri zokha, imodzi pathupi, ina pampanda. Anati zingwe zatsopano waikamo zitatu, koma anawerenga zochapa masiku khumi ndipo sizingakwane. Ndiye m'malo mothamangitsa anthu, mpandawo udulidwe kufika m'chiuno, ukhale wotambalala pamwamba ngati tebulo, kuti ngakhale mayi wamfupi aziyanika osadumpha.

Mawu akuti udulidwe a Chotsani anawamvera ali kale pamasitepe. Anavula jekete, kuikoleka pampopi, n'kuyamba kusesa malo omwe anali atasesa kale m'mawa. Fumbi linakwera. Muphwa wawo anawapeza komweko, manja ali kumbuyo.

"Amalume."

A Chotsani anapitiriza kusesa.

"Amalume, pepani. Ndimafuna kukuuzani, koma tsiku lililonse mumandiyang'ana mosangalala, ine n'kulephera."

"Unati wamva."

"Ndinamva. Koma ndinawamvanso iwowa."

"Iwowa anakulera? Nsapato yako yoyamba anakugulira ndi iwowa? Wandisandutsa chidole pamaso pa mlonda, munthu woti ntchito yake n'kugona!"

"Pali mayi wina m'wodimo, amalume, akudwazika mwana wake wamkazi mwezi wachiwiri uno. Anapita kuseri kukayanika, pobwera anapeza mwanayo wagwa pabedi. Kuyambira tsiku limenelo sachoka pazenera. Ndikanamujambulira khoma?"

"Ndiye ine ndife osaona maluwa?"

Mtsikanayo anatembenuka n'kubwerera kukhonde. Kunama sanafune.

Masiku asanu ndi limodzi a Chotsani sanamulankhule. Kunyumba akafuna mchere ankauza akazi awo kuti auze Injiniya awapatsire, mtsikanayo ali pampando woyandikana nawo. Kuntchito ankayenda m'mbali mwa mpanda kukwera ndi kutsika, kugwira tsamba ili, kugwira ilo. Mvula inali itagwa kawiri ndipo mphukira zinali zitatupa mbali ya kugeti, zambiri kuposa chaka china chilichonse. Ankadziuza kuti pulani zinali zisanu, sizingatheke kuti asankhe yomweyo. Koma ankapezekanso ataima pansi pa zenera lachitatu, pomwe nkhope ya mayi wina wamfupi inkaonekera nthawi zonse, n'kuchokapo msanga ngati aponda moto.

Lachinayi anamwino aakulu anawaitanira mu ofesi. "Tasankha ya muphwa wanu. Muyenera kunyada, bambo. Amisiri ayamba Lolemba, ndipo ayambira kumpanda kuti apeze poyika mchenga."

"Adula ndani?"

"Amisiri omwewo. Ali ndi zikwanje."

A Chotsani anatuluka osatsanzika.

Lolemba amisiri atafika anapeza munthu ali kale pampanda, sizasi yaikulu yodulira ili m'manja, yonoledwa mpaka kung'anima. Mmisiri wamkulu anatsitsa chikwanje paphewa n'kunena kuti awapatse mpata, kwa iwo ntchito imeneyi ndi ya mphindi makumi awiri.

"Chikwanje chimang'amba nthambi, nthambi n'kuola, mpanda n'kufa," anatero a Chotsani osamuyang'ana. "Inu kasakanizeni simenti yanu uko. Pano pali mwini wake."

Muphwa wawo anafika akuthamanga, tepi ili m'manja. Anaima patali pang'ono, osadziwa ngati ayandikire.

"Pulani ikuti masentimita makumi asanu ndi anayi, amalume."

"Chiuno cha ndani chimenecho? Chako? Bweza katepi kako m'thumba." Anatembenukira kuwodi n'kukweza mawu. "Mayi inu a pazenera lachitatu! Ee, inu nomwe. Tatulukani pang'ono. Injiniya, pita ukakhale ndi wodwalayo mpaka abwerere."

Mayiyo anatuluka mwamantha, beseni lili m'manja, akuganiza kuti akukakalipiridwa. A Chotsani anamuimika pafupi ndi mpanda, n'kumuuza kuti atambasule manja ngati akuyanika bulangete. Anayang'ana pomwe zigongono zinafika, anathyola kanthambi pamenepo kuti chikhale chizindikiro, n'kutsegula sizasi. Nthambi yoyamba inagwa ndi mphukira zake zonse, zisanu ndi ziwiri, imodzi itayamba kale kuonetsa kufiira kunsonga. Anaiyang'ana ili pansi. Anapukuta kumaso ndi mkono wa ovolosi, n'kudula yachiwiri, yachitatu, mofulumira, ngati munthu woopa kuti akaima sayambiranso.

Mayi uja anali chiimirebe ndi beseni lake, madzi akudontha pamapazi.

"Ndiyanike, bambo?"

"Dikirani ndimalize kaye, mayi, mwatani kodi? Pamwamba pasanalingane nsalu yanu ikodwa, mudzati a Chotsani sadziwa ntchito."