Bango la pa Namalowe

Zodiwa anabadwira kutsidya, ku Malawi, mumsasa wa anthu othawa nkhondo. Pamene makolo ake ankabwerera kwawo nkhondo itatha n'kuti iye ali ndi zaka zisanu. Anamanga m'mphepete mwa Namalowe, kamtsinje kamene kamatsikira m'nyanja ya Chiuta, ndipo iye anakulira pomwepo, kukwatiwanso pomwepo. Sukulu analekezera kalasi yachitatu. Mwana anabereka mmodzi yekha, Conceição, amene anakwatiwa ku Cuamba.

Mwamuna wake, Armando, anali wosoka mphasa. Ntchito ya Zodiwa inali kudula bango, kuling'amba ndi kuliyanika, Armando n'kumasoka atakhala pakhonde, mwendo umodzi atautambasula. Loweruka ankamanga mphasazo panjinga, ulendo wa kumsika wa ku Insaca. Atangokwatirana bango linali pafupi, moti Zodiwa ankatereka nyemba pamoto, kukadula mtolo, n'kubwera zisanapse. Koma chaka ndi chaka linkathawira kutali. Anthu ankatentha dambo kuti alime mpunga ndi masamba mpaka kumadzi, nawonso awiriwa ankadula osasiya ngakhale lanthete. Mapeto ake gombe la Namalowe linangotsala dothi lokhalokha, ngati mutu wometedwa mpala.

M'mwezi wa Malichi chaka cha 2023 mvula inagwa masiku anayi osakata. Tsiku lachinayi m'mawa Armando anaona kuti madzi akufika pakhola la mbuzi, limene linali kumunsi, pafupi ndi munda.

"Ndikamasule mbuzi zija, ndikubwera," anatero.

Mbuzi zinabwera zonse zitatu. Iye sanabwere. Gombe linagumuka iye ali pamwamba pake.

Patatha masiku atatu anapezedwa ndi Che Nasoro, msodzi wachikulire wa kudooko, atakodwa m'maudzu a m'nyanja. Mkuluyo anamukokera m'bwato yekha, namufunditsa nsalu yake yomwe.

Pamaliro Zodiwa sanalire. Azimayi anamuzungulira, kumugwira m'mapewa, kudikira kuti aphulike, koma iye ankangoyang'ana matope amene anthu ankalowa nawo m'nyumba. Ena anayamba kunong'onezana kuti ndi wouma mtima. Mlamu wake Vanda, mlongo wa malemuyo, anawadula mawu: "Musiyeni, misozi ilibe tsiku." Munda unali utakwiririka ndi mchenga wofika m'mawondo. Zodiwa anapita kukauona kamodzi, anapondaponda, nabwerera.

Nyengo yozizira itayamba kunabwera tekiniku, mlangizi wa zaulimi, dzina lake Eugénio, wotumidwa ndi bungwe lina, pa njinga yamoto yodzaza fumbi. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mango. Vanda anachita kumukoka dzanja Zodiwa kuti apite.

Eugénio ananena kuti mapazi khumi ndi asanu kuchokera kumadzi asalimidwenso. Kumadzi kwenikweni abzaleko bango ndi nsenjere, pamwamba pake vetiva, kenaka mikuyu ndi nsungwi. Aliyense wosamalira chigawo chake alembedwa mu seguru, ndiye kuti inshuwalansi.

"Kodi seguru si wa magalimoto?" anafunsa Che Nasoro. "Ine ndimamva oyendetsa shapa, maminibasi aja, akumutchula apolisi akawaimitsa."

Anthu anaseka.

"Uyu ndi wa munda, bambo," anayankha Eugénio. "Kuposito ku Chiuta, ku ofesi ya boma kuja, tiikako choyezera mvula. Mvula ikapyola mzere pamasiku atatu, kapena ikasowa nthawi yobzala itakwana, onse olembedwa alandira mbewu, popanda munthu kubwera kudzaona mapesi anu. Malipiro ake ndi thukuta lanu pagombepo. Gombe likalimba madzi sawononga zambiri, ndiye eni seguru nawonso sachita mantha kutilandira."

Zodiwa anamva mawu onsewo, koma sanamulowe. Polemba maina Vanda ndi amene anatchula la Zodiwa.

Chigawo chimene anamupatsa chinali choyang'anizana ndi munda wake, pamalo pomwe panagumuka paja. Panalibe amene anachita dala, aliyense ankapatsidwa pamunda pake. Eugénio atauzidwa anabwera ndi manyazi kudzamupempha kuti asinthane ndi wina.

"Pali bwino pompano," anatero Zodiwa, osadzutsa mutu.

Anayamba anthu makumi anayi. Pofika Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anatsala osakwana khumi. Zodiwa ankadzuka, kutenga ndowa, kukathirira. Sikuti ankakhulupirira za bango kapena za seguru ayi. Kunyumba kunalibe chochita, ndipo pagombe panalibe womufunsa kuti wadzuka bwanji. Mbuzi zikadya nsenjere ankabzalanso. Moto wa osaka mbewa utapsereza theka la vetiva anazula zotsalazo, kuzigawa, kubzalanso. Conceição anabwera kawiri kudzamutenga kuti akakhale naye ku Cuamba, ndipo kawiri konseko anabwerera yekha. Eugénio akamuyamikira pamaso pa anthu, Zodiwa ankangoti, "Eya."

Chaka chachiwiri bango linakula kupitirira munthu. Linali lonenepa, la mfundo zotalikirana, mtundu umene Armando ankaulondola tsiku lonse osaupeza. Manja a Zodiwa ankalidziwa. Podutsa ankaligwira, kuliyesa ndi chala, n'kulisiya. Pangano linali lakuti lisadulidwe mpaka mizu itagwirana, zaka zitatu.

Tsiku lina masana anapeza Che Nasoro ataima pagombepo, chikwakwa chili m'manja.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera, kaya inu."

"Mono wanga waphwasuka yense. Ndimati ndidulepo kamtolo kamodzi. Kunyanja kwatsala lowonda, silikhalitsa m'madzi."

Zodiwa anayang'ana manja a mkuluyo. Ankadziwa kuti manja amenewo ndi amene ananyamula mwamuna wake. Anadikira kuti mwina amva manyazi, kapena chisoni, koma mumtima munali zii.

"Silidulidwa, Che Nasoro."

"Ngakhale ine?"

"Ngakhale ine ndemwe."

Mkuluyo anagwedeza mutu, nakoleka chikwakwa paphewa, napita. Kuyambira pamenepo akakumana panjira ankangopatsana moni wa pakamwa. Vanda atamva anabwera akupuma mofulumira.

"Alamu, munthu amene uja mungamumane bango? Anthu atiyesa otani?"

Zodiwa anapitiriza kusenda chinangwa.

M'Malichi wa 2025 mvula yamkuntho inabweranso. Anthu anasamukira kusukulu, kumtunda, mitolo ili pamutu. Zodiwa anakwera pachulu chakuseri kwa nyumba yake, atafunda thumba la feteleza, naima pamenepo kuyambira m'mawa kuonerera Namalowe akudzaza. Madzi anakwera, bango linaweramira kunyanja, kenaka linamira lonse. Anaganiza kuti basi latha, ndipo ganizolo silinamupweteke. Madzi analowadi m'munda, koma analowa mozemba, osathamanga, mchenga ndi zitsa zitatsakamira m'bangomo. Kumtunda, pazigawo zimene eni ake anazisiya, gombe linagumukanso ndipo minda iwiri inapita.

Madzi ataphwa bango linadzuka lopindikapindika, lamatope. Chimanga cha Zodiwa choposa theka chinali chiimire. Panthaka panatsala matope akuda, oterera.

Uthenga wa seguru unafika pafoni ya Vanda, wakuti mvula inapyola mzere. Amene anasunga zigawo zawo anakwera shapa kupita ku Insaca kukalandira mbewu ya nyemba ndi chimanga cha m'dimba. Amene anasiyira panjira anakwiya, ndipo pamsonkhano wotsatira kunali phokoso mpaka ena ananyamuka osatsanzika. Mlungu womwewo anthu asanu ndi awiri anabwera kwa Zodiwa kudzapempha mizu ya bango. Anawaonetsa pokumba, m'mphepete mwenimweni, pang'onopang'ono.

Eugénio anabweranso ndi alendo awiri ojambula zithunzi, namuimika Zodiwa patsogolo pa bango lija.

"Auzeni mmene mukumvera, mayi."

Zodiwa sanafune kunama.

"Madzi anabwera, anadutsa," anatero.

"Basi?"

"Basi."

Alendowo anadikira pang'ono, kenaka anapita kukajambula Vanda, amene analankhula bwino ndithu.

Mpunga utayamba kucha kunabuka vuto limene panalibe analiganizira. M'bangomo munamanga mpheta, zisa mazanamazana, ndipo m'mawa uliwonse zinkatsikira m'minda ngati mtambo. Munda woyandikira kwambiri unali wa Vanda.

"Alamu, mbalame zanu zikunditha mpunga," anadandaula. "Ine ndekha sindingathe, msana wandikana."

Zodiwa anatola zitini zakale, kuikamo timiyala, kuzimanga pachingwe kuzungulira mundawo. Tsiku loyamba anakhala pamzere kumangokoka chingwe. Pofika masana mpheta zinali zitazolowera, zinkadya zitini zikulira pambali pawo.

Tsiku lachiwiri anaimirira, nakweza manja, nafuula, "Haa!"

Mawu anatuluka osasa, moti anayamba kutsokomola mpaka kugwira pachifuwa. Mpheta zinauluka zonse pamodzi, zinazungulira kamodzi, n'kukateranso kumapeto kwa munda. Zodiwa anamanga nsalu yake bwinobwino, nalowa m'matope kulowera komweko.