Ndowe ya njovu panjira ya ku Simonga

Batate, lero mnzanga wa kuntchito wandifunsa tanthauzo la dzina langa, Prudence. Ndamuyankha mwachidule kuti linachokera ku Chilatini, ndipo limanena za kuona chinthu chisanafike. Sindinamuuze kumene ndinazimva.

Ndinali Giredi 7 tsiku lomwe munandikweza pa njinga kuchoka ku Simonga kupita ku Dambwa, kumene ndinkayenera kukavina pa ukwati wa azakhali. Tili pakati pa tchire munatsika, n'kukhudza ndowe ya njovu ndi kuseri kwa dzanja. "Ikali yotentha. Tiyembekeze," munatero. Munawaza dothi m'mwamba kuti muone kolowera mphepo, kenaka tinabwerera m'mbuyo n'kukhala pansi pa mtengo. Ine sindinaone njovu iliyonse, ndiye ndinayamba kulira mu diresi langa latsopano. Munandiyang'ana osakwiya. "Iwe, dzina lako ni Prudence. Bansembe ananiuza ati ni kuona vinthu vikalibe kufika. Njovu ukaiona na maso, ninshi wachedwa." Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linafika pamutu, ndipo palibe chinatuluka m'tchiremo. Tinapeza anzanga atavina kale. Sabata yonse sindinakulankhuleni.

Mpaka lero sindidziwa ngati munalidi njovu m'tchire lija, ndipo palibenso woti ndimufunse. Chomwe ndikudziwa n'chakuti njira imeneyo munaiyenda pa njinga moyo wanu wonse, koma munamwalirira pabedi panu, tsitsi lili mbuu.