Aphunzitsi Opuma Apita Kukapepesa

Aphunzitsi opuma aja, a nyumba yoyandikana ndi mpanda wa sukulu, sakhala pansi ana akamaimba nyimbo ya fuko. Amaimirira njo, ngakhale ndevu zili thovu lokhalokha, dzanja limodzi litagwira buluku kuti lisawachititse manyazi. Akazi awo amati, "Bambo, mbenderatu sikukuonani." Iwo amangoti, "Koma ine ndikuiona."

Mwezi watha mdzukulu wawo wamkazi anathamangitsidwa pasukulupo, mayeso ali pafupi, chifukwa chokana kuimba nyimbo yotamanda chipani cholamula. Akuluwo anatola ndodo, ulendo wa kwa ahedi, mwana amene anamuphunzitsa okha, ngakhale pano dazi lamufika kunkhongo.

"Iwe, nyimbo zotamanda atsogoleri ndinakuimbitsa zingati?"

"Zitatu, aphunzitsi."

"Eni ake ali kuti lero?"

Ahedi anayang'ana pansi.

"Tsiku lina unakana kuimba, ndinakukwapula mpaka kabudula kung'ambika. Wolakwa ndinali ine. Ndabwera kudzapepesa, mwana wanga. Iwe usadikire zaka makumi anayi ngati ine."

Ahedi sanatume munthu. Ananyamuka okha kukamutenga mtsikanayo kunyumba.